Nguli yosagwa: mbiri ya kanema ndi maloto ku Area 49

Chisakasa chimene ndinaoneramo Inception koyamba chinali kuseri kwa kamsika kena ka ku Area 49, cha ku Gulliver. Chinali cha zigwagwa ndi malata akale, pakhomo pali chinsalu chakuda, ndipo sipika yaikulu anailozetsa kumsewu kuti phokoso la mfuti liziitana odutsa. Mkati munali mabenchi otsika, fungo la zitumbuwa ndi thukuta, ndi ana amene mwina makolo awo ankaganiza kuti ali kusukulu. Mufilimu imeneyi, imene Christopher Nolan anatulutsa mu 2010, Leonardo DiCaprio ndi Cobb, mbava yolowa m'maloto a anthu n'kukaba zinsinsi. Koma kulikonse kumene Cobb walowa, mkazi wake Mal, amene anamwalira kale, amatulukira n'kumusokonezera ntchito. Atatulukira kachitatu, bambo wina wachikulire amene anakhala kumbuyo kwanga anausa moyo n'kunena kuti, "Ameneyu sadaka ya mkazi wake sanachite."

Palibe anaseka. Mnyamata wina anangoyankha kuti, "Zoona madala," filimu n'kumapitirira.

Anthu olemba za mafilimu kunja amatenga Inception, The Matrix, Shutter Island ndi ena otere ngati mafilimu ozunguza mutu, ofunsa funso lalikulu loti kodi zimene tikuonazi ndi zenizeni kapena tikulota. Madala aja sanazunguzike. Kwa iwo, zoti wakufa amabwera kutulo sinali nkhani yodabwitsa. Chimene ankafuna kudziwa n'choti wabwereranji, ndipo amoyowo analakwitsa chiyani. Kuti timvetse mmene munthu wa ku Lilongwe anafikira pooneka wokonzeka chonchi pamaso pa filimu ya ku Hollywood, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka pafupifupi 90, pamene kanema ankabwera pa lole.

Kanema ndi bodza la maso kuchokera pachiyambi pake. Palibe chimene chimayenda pansalupo. Ndi zithunzi zoima chilili, 24 pa sekondi iliyonse, zimene ubongo umalumikiza wokha n'kuona munthu akuthamanga. Abale awiri a Lumière ataonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira ku Paris mu Disembala 1895, sipanatenge nthawi kuti wamatsenga wina, Georges Méliès, azindikire kuti ukaimitsa kamera, kuchotsa munthu, kenako n'kuyambanso kujambula, oonera aona munthu akuzimiririka ngati mzukwa. Pofika 1920 Ajeremani anali atapanga The Cabinet of Dr. Caligari, nkhani imene pamapeto umazindikira kuti wakhala akukusimbira ndi wodwala misala. Mu 1929 Luis Buñuel ndi Salvador Dalí anatola maloto awo n'kupanga Un Chien Andalou, mopanda chiyambi kapena mathero omveka. Makolo athu, amene ena ankati bayisikopo ena n'kumati zithunzithunzi, anatchula bwino. Chithunzithunzi ndi chija chimayenda nawe padzuwa, chooneka ngati iwe koma chosagwirika, chimene ena amaopa kuti munthu woipa angachitape.

Koma kanema amene anabwera kuno sanali wa Méliès kapena wa Buñuel. Pakati pa 1935 ndi 1937, bungwe la Bantu Educational Kinema Experiment, lotsogozedwa ndi L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, linajambula mafilimu ophunzitsa ku Tanganyika n'kuyenda nawo pa lole mpaka ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Nkhani zake zinali za njoka za m'mimba, kusunga ndalama ku positi ofesi, msonkho ndi ulimi. Zithunzizo zinalibe mawu. Mawu ankachokera m'mbale ya galamafoni, pamene munthu anajambulidwiratu akufotokoza m'zilankhulo zosiyanasiyana, kuphatikizapo Chinyanja. Choncho kuyambira tsiku loyamba, pakati pa chithunzi ndi Mmalawi panaima munthu wina womuuza tanthauzo la zimene akuona. Munthu ameneyu sanachokepo mpaka lero, wangosintha zovala.

Atsamunda ankakhulupirira kuti maso a munthu wakuda sangathe kutsatira zovuta. William Sellers, amene anatsogolera Colonial Film Unit kuyambira 1939, anaika malamulo oti kanema wa Aafirika aziyenda pang'onopang'ono, kamera isamadumphedumphe, ndipo matsenga onse a kajambulidwe achotsedwe. Anali ndi nthano yawo imene ankaikonda, ya anthu a m'mudzi amene ataona udzudzu woonetsedwa pafupi, wodzaza nsalu yonse, anati kwawo kulibe vuto chifukwa udzudzu wawo ndi waung'ono. Ine ndikamva nthano imeneyi ndimaganiza kuti anthuwo ankangomuseka mzunguyo mwaulemu, iye osazindikira. Mulimonsemo, zotsatira zake zinali zoti maloto, kubwerera m'mbuyo kwa nthawi, ndi chilichonse chopotoza maso, zinaletsedwa m'kanema wopangira ife.

Ndipo ankaletsa izi kwa anthu a gule wamkulu. Taganizani za bwalo la m'mudzi wa ku Lilongwe kapena Dedza, chilombo chikutuluka kudambwe fumbi lili koboo. Mayi amene akuimba ndi kuomba m'manja akhoza kuzindikira kayendedwe kena kake, koma zimene akuona ndi chilombo chochokera kumanda, ndipo adzanena choncho kwa aliyense womufunsa. Amasunga zoona ziwiri m'mutu umodzi osaona kuti zikulimbana. Kumunsi ku Nsanje, pa kachisi wa Khulubvi, anthu akhala akukhulupirira kwa zaka mazana kuti Mbona amayankhula ndi mkazi wake Salima kutulo, ndipo uthenga wa mvula kapena chilala umachokera m'maloto amenewo. Pakhomo wamba, agogo ankadziwa kutembenuza maloto: ukalota ukwati yembekezera maliro, ukalota ukudya nyama dzuka upemphere. Anthu otere ndi amene anauzidwa kuti sangamvetse chithunzi cha munthu akulota.

Mu 1948 kunakhazikitsidwa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, yopangira mafilimu maiko atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. M'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, galimoto za kanema zinasanduka pakamwa pa boma, ndipo anthu ambiri anazikayikira. Pansalu pankaoneka dziko la mtendere, alimi osekerera ndi mafumu othokoza, pamene kunja kwa nsalu anthu ankamangidwa. Kanema wokoma ankaonera ndi amuna opita ku migodi ya ku Joni, ku Wankie ndi ku Copperbelt, kumene m'makomponi munkaonetsedwa mafilimu a makauboyi. Ku Copperbelt kauboyi aliyense ankatchedwa Jack, ndipo oonera, posamva Chingerezi, ankadzipangira okha nkhani mokuwa.

Ufulu utabwera, nsalu inangosintha mwini. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments la 1968 linapereka lumo ku bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Amene ankapita ku nyumba ya kanema ya Apollo ku Blantyre amakumbukira mwamuna ndi mkazi akuyandikizana nkhope, kenako mwadzidzidzi kwacha, mwamunayo ali pa hatchi. Lumo la boma linkapanga kudumpha kwa nthawi kumene Buñuel akanasirira. Dr Kamuzu Banda sanalole wailesi ya kanema m'zaka zake zonse, ndipo kumidzi kanema ankabwerabe pa galimoto za boma, kuonetsa feteleza, thonje, ndi Ngwazi ikuyendera mbewu m'minda. Mzinda umene tikukhalawu unamangidwa m'nyengo yomweyo. Likulu linasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo malo okhala anapatsidwa manambala m'malo mwa maina, manambala osatsatana n'komwe, moti mlendo wofuna Area 49 akaganiza kuti ili pafupi ndi Area 44 adzayenda mpaka nsapato kutha. Anthu anadzipatsira okha maina: Gulliver, Shire, Dubai. Kukhala ku Dubai uli pakati pa Lilongwe, fumbi likulowa m'maso, nakonso ndi kulota kwa mtundu wake.

Chimene chinathyola mpanda ndi tepi ya vidiyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndiponso makamaka pambuyo pa 1994, mavidiyo shoo anamera ngati bowa ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, kwa Nsungwi ku Area 25 ndi ku Mgona. Munthu akakhala ndi sikirini, deki ndi magetsi kapena batire ya galimoto, bizinesi yayamba. Poyamba kunali Bruce Lee, Rambo, Chuck Norris ndi Van Damme, ndipo lamulo lake linali limodzi lodziwika kwa mwana aliyense: sitelingi safa. M'mafilimu amenewa zenizeni sizinkagwedezeka. Woipa ankadziwika nkhope, wabwino ankapambana.

Zinagwedezeka atabwera a ku Nigeria. Living in Bondage, imene Kenneth Nnebue anatulutsa mu 1992 m'chilankhulo cha Igbo, ndiyo inatsegula njira ya mafilimu amene pambuyo pake anadzaza misika yathu pa matepi ndi madisiki. Andy, mnyamata wotopa ndi umphawi, akupereka mkazi wake Merit ngati nsembe kuti alemere. Chuma chikubwera, koma Merit nayenso akubwera: pa ukwati watsopano wa Andy, pa misonkhano ya bizinesi, paliponse, wooneka kwa Andy yekha, mpaka mwamunayo apenga n'kumatola zakudya m'zinyalala za ku Lagos. Mafilimu otsatira anadzaza ndi maloto: munthu akudyetsedwa kutulo, akuthamangitsidwa ndi njoka kutulo, akukwatiwa ndi mzimu wa m'madzi kutulo, n'kudzuka ali ndi chilonda chenicheni. Amayi amene sankalowa m'vidiyo shoo anayamba kusonkhana m'nyumba za anzawo okhala ndi sikirini. Sankafuna womasulira wambiri. Kukhwima ankakudziwa.

Nthawi imeneyo dziko linali litangoona loto likusuntha anthu. Mu 1995 Billy Goodson Chisupe, mlimi wa kufupi ndi Liwonde m'boma la Machinga, ananena kuti anaonetsedwa kutulo mtengo wochiza Edzi. Anthu zikwizikwi, ophunzira ndi osaphunzira, a m'tauni ndi a kumudzi, anakwera mabasi ndi malole kukamwa mankhwala ake otchedwa mchape. Mankhwalawo sanachize matendawa, ndipo maliro anapitirira. Koma mzera wa galimoto umene unaima pa msewu umenewo unayambira m'tulo ta munthu mmodzi.

Tsopano ikani Andy ndi Cobb pa benchi imodzi. Cobb anadzala ganizo m'mutu mwa mkazi wake, loti dziko limene akukhalamo si lenileni. Anachita izi kuti amutulutse m'loto limene awiriwo anakhalamo zaka 50, koma ganizolo linakula ngati kaufiti m'munda wa chimanga, ndipo atadzuka Mal anapitiriza kukhulupirira kuti akulota, mpaka anadziponya kuchokera pa zenera la hotela kuti adzuke. Amuna onse awiri ali ndi dzanja pa imfa ya akazi awo. Onse awiri akutsatidwa. Nolan amati Mal amene akubwerayo ndi chikumbumtima cha Cobb chabe, chithunzi chopangidwa ndi ubongo wake. Nnebue amati ndi Merit weniweni. Madala a m'chisakasa aja anasankha mbali ya Nnebue, ndipo sindikuona kuti anataya chilichonse cha m'filimuyo. Pamapeto Cobb amakhala pansi ndi Mal, kuvomera kulakwa kwake, n'kumulola kuti apite. Kumudzi ntchito imeneyi imafuna mowa, nsima ndi abale. Cobb anaichita yekha kutulo.

Pali masiku awiri oyandikana amene ndimakonda kuwakumbukira. The Matrix inatuluka ku America pa 31 Marichi 1999. Mawa lake, pa 1 Epulo 1999, Television Malawi inayamba kuulutsa. Kumene kanema anakhalako zaka zambiri anali atafika pokayikira ngati dziko lonse si sikirini, ife tikuyatsa yathu yoyamba. The Matrix itafika m'makomboni, ana anakonda Keanu Reeves akuwerama chagada kuzemba zipolopolo, ndipo ambiri anagwa chagada poyeserera. Koma nkhani yake ya pansi, yoti anthu agonekedwa m'mitsuko, akulota kuti ali pantchito ndi pabanja pamene makina akuwayamwa mphamvu, sinali yachilendo kwa aliyense amene anamvapo za ndondocha, munthu amene abale analira n'kuika m'manda koma akugwira ntchito m'chigayo cha wolemera wina. Sinali yachilendo kwa amene anadzukapo m'mawa thupi lili lophwanyika n'kuuzidwa kuti anamulimitsa usiku. Kusiyana kwake n'koti Neo anapatsidwa mapilitsi awiri kuti asankhe. M'nkhani zathu wogwidwayo safunsidwa.

Madisiki atatchipa ndipo makompyuta atafika m'timashopu tokopera nyimbo, munthu wa m'galamafoni uja anabweranso. Anyamata anayamba kuika mawu a Chichewa pamwamba pa mafilimu a Chitchaina, Chimwenye ndi Chingerezi. Mnyamata mmodzi amayankhula mawu a onse, amuna ndi akazi omwe, amawapatsa maina akuno, amasandutsa New York kukhala Lilongwe, ndipo pakati pa ndewu amalengeza dzina la shopu yake. Kunena kuti amatanthauzira n'kumuchepetsa. Nthawi zambiri amayang'ana zithunzi n'kupeka nkhani yogwirizana nazo, monga ankachitira a m'migodi ndi Jack wawo. Ntchito yake ndi ya Yosefe pamaso pa Farao: wina waona zinthu zosamveka, iye anene tanthauzo. Pa filimu ya karate ntchitoyi ndi yophweka. Pa filimu imene galimoto ikugwa pa mlatho m'loto loyamba, anthu akuyandama m'hotela m'loto lachiwiri, ena akuomberana pa chipale m'loto lachitatu, zonse nthawi imodzi, womasulira amatuluka thukuta. Ndinamvapo wina atasokonezeka n'kungoti, "Apa abale ndiye ngakhale ine sindikudziwa kuti tili kuti," ndipo ndikuganiza kuti palibe anamasulirapo Nolan mokhulupirika kuposa pamenepo.

Mantha a m'mafilimu a kunjawa ndi a munthu mmodzi: mwina ndili ndekha m'mutu mwanga, mwina zonse ndapeka. Mantha athu amayang'ana kwina. Sitiopa kuti dziko kulibe. Timaopa kuti m'tulo mwathu mwalowa munthu, ndipo munthuyo ali ndi dzina, amakhala nyumba yachitatu kuchokera pa mjigo. Apa m'pamene nkhaniyi imasiya kukoma. Amene anaijambula bwino ndi Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, mu I Am Not a Witch ya 2017, imene mbali ina amayankhula Chinyanja ndipo inapata mphoto ya BAFTA. Kamtsikana kamasiye, Shula, akukaimba mlandu wa ufiti pa polisi. Mboni ina, bambo wa manja onse awiri, ikulumbira kuti kamtsikanako kanamudula mkono ndi nkhwangwa. Zinachitika kutulo. Oonera amaseka, kenako Shula amamangiriridwa nsalu yoyera yaitali kumsana n'kuuzidwa kuti akaidula asanduka mbuzi. Kuno kwathu lamulo la ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe agogo akhala akuthamangitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, chifukwa mwana wanena kuti anamutenga usiku pa ndege ya lichero. Pulogalamu ya Nkhani za m'maboma pa MBC yakhala ikusimba za ndege zoterezi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2017 mphekesera ya anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo inaphetsa anthu enieni. Ndikamayamikira madala aja chifukwa chomvetsa Inception msanga, ndimakumbukiranso kuti luso lomwelo, lotenga loto ngati umboni, ndi limene limayatsa nyumba ya nkhalamba.

Chodabwitsa n'choti opanga mafilimu athu sanalowe kwambiri m'munda umenewu. Charles Shemu Joyah, mu Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, amaima pa nthaka youma: makhoti, asodzi, amayi oyendayenda a mu Blantyre. Filimu yotchedwa Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula, imene inapambana pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016, nayonso ndi ya moyo wa masana. Mu The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, imene Chiwetel Ejiofor anajambula ku Kasungu, gule wamkulu amadutsa ngati mlendo wolemekezeka, koma nkhani ndi ya mphepo ndi dayinamo. Ena amati vuto ndi ndalama. Sindikhulupirira kwenikweni. Souleymane Cissé anapanga Yeelen ku Mali mu 1987 ndi dzuwa, fumbi ndi nkhope za anthu, ndipo Mati Diop mu Atlantics ya 2019 anabweretsa anyamata omira m'nyanja kudzalowa m'matupi a atsikana a ku Dakar pongowayeretsa maso. Ndikukayikira kuti penapake Sellers akadali nafe, pamodzi ndi mabungwe opereka thandizo amene amafuna filimu yokhala ndi phunziro lomveka, loti munthu akatuluka anene kuti waphunzira kusamba m'manja.

Lero ku Area 49 mavidiyo shoo ambiri asanduka moonetsera mpira wa ku England, ndipo mafilimu asamukira m'mafoni. Mwana amapita ndi memori khadi pa kashopu, amuikira mafilimu khumi, n'kukaonera yekha atafunda bulangete, zomvera zili m'khutu, mpaka tulo timupeze filimu ikuyendabe. Chisakasa chija anagwetsa. Pamalopo pali mpanda wa njerwa.

Tsiku lija filimu inafika kumapeto dzuwa litapendeka. Cobb ali ndi kanguli kachitsulo koyesera dziko: akakazunguza kutulo sikagwa, akakazunguza ali maso kamagwa. Wafika kwawo, wakazunguza pa tebulo, waona ana ake pabwalo, wathamangira komweko osadikira. Kamera inatsala pa nguli. Inazungulira, inazungulira, inachita ngati ikupepesuka, ndipo sikirini inada bii.

"Magetsi!" ana anakuwa. Ena anayamba kale kuitanitsa ndalama zawo. Mwini shoo analoza babu la pakhomo, limene linali chiyakire, koma sanamukhulupirire. Anati ndiye kuti disiki ndi yokalika. Anaitulutsa, anaipukuta pa malaya, anaibwezera, n'kuthamangitsa mpaka pa tebulo paja. Nguli inazungulira, inapepesuka, mdima. Anabwereza kachitatu. Madala aja anali ataimirira kale, akukutumula fumbi pa thalauza, ndipo podutsa pa chinsalu cha pakhomo anafunsa mwini shooyo kuti pati thuu ibwera liti.